Papaya Lopanda Njere

Aliyense amene anagulapo papaya mumsika wa Nkhata Bay amawadziwa Ada Rabson Mhone, ngakhale atakhala kuti dzina salidziwa. Ndi bambo aja aatali, owerama pang'ono m'mapewa, amene amayala mapapaya awo pasaka pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa. Amavala jekete ngakhale mu Novembala, pamene dzuwa la kuno limalowa mpaka m'mafupa, chifukwa munthu amene anakhalako ku Joni savula jekete pagulu. Sakuwa poitanira malonda. Ukaima pamaso pawo amangotenga kampeni, kudula kachidutswa, n'kukupatsa, ndipo ukalawa nkhani yathera pomwepo. Kwa zaka zoposa makumi awiri anthu ankati kuchokera ku Mwaya mpaka pokwerera maminibasi a ku Mzuzu palibe papaya lozuna ngati la Ada Mhone.

Chaka chatha, kumayambiriro kwa Okutobala, mlongo wawo Magret anawapeza pamsikapo. Sanabwere kudzagula. Anakhala pakabokosi kopanda kanthu, anakonza chitenje, n'kuwauza kuti Loweruka likubwerali kukhale msonkhano wa pabanja kunyumba kwake, ndipo iwo, monga asibweni ake a Watson, ndiwo adzayankhule. Watson ndi mwana yekhayo wamwamuna wa Magret, kalaliki kumaofesi a paboma. Anakwatira Keziah, mphunzitsi wa sayansi kupulayimale, ndipo zaka zinali zitakwana zisanu ndi chimodzi popanda ngakhale kamseru ka m'mawa. Magret anali atatopa. Mtsikanayo abwerere kwawo ku Chintheche, Watson apeze wina wobereka. Ntchito ya Ada Mhone inali yongonena mawu amenewo pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pakuti mawu a malume pamwana wa mlongo wake sabwezedwa.

Anavomera ndi mutu. Magret atachoka, anafuna kupukuta kampeni kaja pajekete koma kanawapulumuka n'kugwera pansi, ndipo mayi wa chinangwa woyandikana nawo anawafunsa ngati sugar yawatsika. Anati ayi, ndi kutentha chabe.

Kuti munthu amvetse chimene chinagwetsa kampeniko ayenera kubwerera m'mbuyo ndithu. Ada Mhone anabadwa mu 1955, kumtunda kwa boma, pamene msewu wa ku Mzuzu umayamba kukwera. Sukulu analekezera Sitandade 6. Monga anyamata ambiri a kuno masiku amenewo, ndevu zitangomera anatenga kasutikesi n'kupita kukasaka ntchito kunja, ndipo anakapezeka ali ku Joni, akusamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa mzungu wina. Mu 1982 anabwera atanyamula suti, wailesi ndi Chingerezi chongokwanira kuopsezera anzawo otsalira, n'kukwatira Winnie NyaManda, mtsikana wachete wa mawu okoma mukwaya. Anakhala naye mwezi umodzi, ulendo wa ku Joni unawaitananso.

Chaka chotsatira ana a mzungu uja anadwala matsagwidi, ndipo Ada Mhone anawatengera. Poyamba anaseka, matenda a ana kumugwira munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Masaya anatupa, kenako kutupako kunatsikira kumunsi, kumalo kumene mwamuna satchula, ndipo anagona milungu iwiri akulumira pilo. Anachira bwinobwino. Khirisimasi iliyonse ankabwera kumudzi, n'kukhala ndi Winnie mwezi wathunthu, ndipo pankhani za kuchipinda panalibe chodandaulitsa. Koma kalata iliyonse ya mu Malichi inkabwera ndi nkhani za chinangwa, za maliro, za denga lothonya, yopanda nkhani ija ankaiyembekezera.

Mu 1989 dona wa pakhomo paja, ataona kuti wantchito wake wayamba kuiwala kuthirira maluwa, anawafunsa, ndipo atamva anawatumiza kwa dokotala. Dokotalayo anawayeza kawiri. Kenako anawakhazika pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono. Anati mwana amayamba pamene mbewu ya mwamuna yakumana ndi dzira la mkazi, ndipo mbewuzo ndi tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timasambira mu umuna miyandamiyanda. Anati umuna utha kukhalapo, mphamvu zonse za mwamuna zitha kukhalapo, koma mbewu osakhalamo, ndipo matsagwidi akamugwira munthu wamkulu n'kutsikira kumunsi nthawi zina amaotcha malo opangira mbewuzo. Anawapatsa pepala. Anawauzanso, akuwayang'ana m'maso, kuti akamuuze mkazi wawo, chifukwa kumudzi anthu adzaloza mkazi.

Pepalalo analing'amba m'basi yobwerera kumudzi asanaoloke n'komwe malire, n'kulitaya pawindo tizidutswa. Ankati adzamuuza Winnie akafika. Atafika anati adzamuuza Khirisimasi ikatha. Khirisimasi itatha anati akamulembera kalata. Mwamuna wa suti, amene anyamata a paboma ankamuperekeza kuti angomva nkhani za ku Joni, akanayamba bwanji nkhani yotere? Anali wamantha, basi. Palibe mawu ena owakometsera, ndipo iwo eni sanafunepo owakometsera.

Dokotala uja sananame. Anthu analoza Winnie. Azakhali anamutengera kwa asing'anga atatu, wina wa kutsidya kwa phiri, amene anamumwetsa mizu yowawa mpaka khungu linasanduka. Ena anati anachotsapo mimba ali mtsikana, ena anati anamumanga ndi mnzake wa mukwaya. Pa zinkhoswe sankamulola kuyala mphasa ya akwati. Magret, amene ankawakonda achimwene ake koposa, ndiye anali patsogolo, ndipo mawu akuti chumba anayamba kutuluka pakamwa pake. Amuna anzawo a Ada Mhone nthawi zina ankawaseka kuti, popeza mumakonda mipapaya chonchi, kodi simunagwemo? Iwo ankaseka mokweza kuposa onse, ndipo nkhaniyo inkathera m'phwete. Winnie sanayankhepo munthu. Ankangowerama n'kupitiriza chimene akuchita.

Mu 1998 Ada Mhone anabwerera kumudzi kotheratu, n'kudzala mipapaya pamalo awo, kachigwa kotsekeka ndi miyala ndi mitengo ya m'nkhalango, kotalikirana ndi makomo ena. Oyandikana nawo onse ankalima chinangwa chokhachokha. Ntchito ya manja ankaidziwa: kukumba dzenje, kuika manyowa, kuthirira, kuthenera. Koma ku Joni ankasamalira kapinga ndi maluwa ogula kale, ndipo za mpapaya ankadziwa zimene aliyense wa kuno amadziwa. Pali waukazi, umene maluwa ake amatuluka limodzilimodzi, onenepa, atamatirira kuthunthu, ndipo ndi umene umabereka. Pali wamphongo, umene umalendewetsa timaluwa tambirimbiri pa timitengo tatalitali, kununkhira kokhakokha, chipatso ayi. Wamphongo anthu amaudula, kapena amaumangirira chitsononkho cha chimanga, ena amaukhomera msomali, akuti uchite manyazi uyambe kubereka.

Mipapaya iwiri yamphongo inamera kumtunda kwa mundawo, ndipo tsiku limene Ada Mhone anatenga chikwanje Winnie anawaletsa. Sanapereke chifukwa chenicheni, anangoti fungo lake amalikonda. Ikakalamba n'kugwa, ankasiya ina iwiri pamalo omwewo. Mlendo akamangirirapo chitsononkho mwanthabwala, Winnie ankachimasula mlendoyo akangotembenuka. Masana, dzuwa likafika pamutu, ankakonda kukhala pamenepo n'kumasenda chinangwa, atavala duku loyera la amayi a kutchalitchi. Ada Mhone ankamuona ali kumunsi kwa munda, ndipo kambirimbiri anaika khasu pansi n'kuyamba kukwera kuti akamuuze. Akafika ankamufunsa ngati madzi akumwa alipo.

Winnie anamwalira mu 2017, atagwa pabwalo ndi BP, wosasiya mawu. Pa tsiku la maliro, asanatseke bokosi, azakhali ena okalamba anabwera mwakachetechete n'kulowetsa chitsononkho m'mbali mwa mtembo. Anati kwawo amatero ndi mkazi amene wapita wosasiya mwana, kuti akhale ndi chobereka kumsana, asamabwerere kudzafuna ana a eni. Abusa anali atayang'ana kumbali. Ada Mhone anaona zonse. Anatsegula pakamwa, ndipo anthu anaganiza kuti akufuna kulira, n'kuwagwira mapewa. Bokosi linatsekedwa.

Kuyambira pamenepo masana anawaipira. Usiku ankagona tulo tawo, zimenezo sanavutike nazo. Koma dzuwa likafika pamutu, mbalame zikati zii, ankamva kampeni kakusenda chinangwa kumtunda kwa munda. Akadzutsa mutu ankaona choyera pakati pa mipapaya iwiri ija, ngati duku. Akakwera sankapeza kanthu, fungo lokha la timaluwa tija, lozuna mpaka kuchititsa mseru. Sanauze munthu. Anayesa kusintha nthawi yogwira ntchito, anayesa kulima atatembenukira kumunsi, koma msana unkawauza kuti pali munthu wakhala ndipo akudikira. Winnie sankawaopseza. Ankangodikira, monga ankadikirira ali moyo, ndipo chimenecho n'chimene sankatha kuchipirira.

Atapirira zaka zinayi, tsiku lina anakwera ndi chikwanje n'kugwetsa yonse iwiri. Mpapaya sulimba, nkhwangwa siifunika. Anazula ndi zitsa zomwe. Kuyambira pamenepo mbande iliyonse ikaonetsa timaluwa tolendewera ankaidula tsiku lomwelo. Kampeni kaja sikanasiye kumveka, koma china chinasintha. Mipapaya yaikazi inkatulutsa maluwa ake onenepa monga kale, kenako maluwawo ankachita chikasu n'kuthothoka, m'mawa n'kuwapeza ali mbwee pansi. Zipatso zochepa zimene zinkagwira zinali zazing'ono, ndipo ukadula unkapeza m'kati muli gwaa, mphako yokha, njere ngakhale imodzi ayi. Saka la pamsika linayamba kuoneka pansi pake. Anaonjezera manyowa, anathira phulusa, anathirira m'mawa ndi madzulo. Amayi a chinangwa anawauza kuti mitengoyo yasanduka zumba, aidule ayambirenso. Iwo mumtima ankadziwa china: Winnie watenga njere zake.

Choncho Lachitatu la sabata imene Magret anabwera ija, Ada Mhone sanapite kumsika. Ananola chikwanje kuti ayambe kugwetsa yaikazi. Anali atangoima pa mtengo woyamba pamene anamva odi, ndipo mtima unagunda, chifukwa anali masana ndipo mawuwo anachokera kumtunda. Anali Keziah, atavala zakusukulu, m'manja muli kabokosi ka nsapato kopanda kanthu. Anagwada patali n'kupereka moni. Za Loweruka ankazidziwa, nkhani zotere sizibisika paboma pathu, koma sanazitchule. Anati Lachisanu akuphunzitsa Sitandade 7 za kuberekana kwa zomera, ndipo m'malo mojambula pabolodi amafuna ana aone maluwa enieni. Anapempha duwa limodzi la mpapaya waukazi ndi kanthambi ka wamphongo.

Ada Mhone anamuthyolera lalikazi. Za wamphongo anati alibe, anadula yonse, mitengo yongodya manyowa. Keziah anayang'ana munda wonse, anayang'ana maluwa achikasu ali pansi, anayang'ana chikwanje. Anafunsa ngati pafupi pali khomo lina lokhala ndi mpapaya wamphongo, ndipo atamva kuti palibe, anatola duwa limodzi lothothoka n'kuling'amba ndi chikhadabo. Pamenepo mawu ake anasintha, anakhala a m'kalasi, Chichewa cha m'mabuku chosakanikirana ndi Chingerezi. Anawaonetsa kotupa ka pansi pa duwa, n'kuti limenelo ndilo papaya likadali khanda, ndipo m'kati mwake muli timazira. Anati timaluwa ta wamphongo timakhala ndi ufa wachikasu, mungu, umene agulugufe a madzulo ndi mphepo amaunyamula n'kukausiya pamwamba pa duwa lalikazi. Kanthu kamodzi ka mungu kakakumana ndi dzira limodzi pamatuluka njere imodzi. Mungu ukapanda kufika, duwa limadikira masiku ochepa, kenako mtengo umalitaya, kapena umangokuza chipatso chopanda njere. Anati wamphongo mmodzi amakwanira yaikazi khumi ndi kuposa, koma pakhale mmodziyo.

"Zili ngati nkhuku, ada," anatero. "Imaikira ngakhale pakhomo palibe tambala, koma mazira amenewo ngakhale iwafungatire mwezi saswa. Mitengo yanuyi musaidule. Ilibe mlandu. Mbali yake ikuchita, chikusowa n'chochokera kwina."

Ananena za mitengo basi, koma atamaliza onse awiri anayang'ana pansi. Ada Mhone anakhala pamwala. Patapita kanthawi anamufunsa ngati iye anapitako kuchipatala. Keziah anati anapita kawiri ku Mzuzu, anamuyeza zonse, ndipo sanamupeze ndi vuto. Madokotala anati abwere ndi mwamuna wake, chifukwa pa mabanja amene akusowa mwana nthawi zambiri vuto limapezekanso kwa mwamuna, ndipo lina limachizika. Watson anakana. Anati iye ndi mwamuna, mkazi wake akudziwa, ndipo sangakaime pamzere kukapereka manyazi ake m'kabotolo. Amayi ake atamva anati mtsikanayu sukulu yamupenga, akufuna kutukwana mtundu wawo.

"Sindikuti ndi iye," anatero Keziah. "Sindikudziwa. Nayenso sakudziwa. Ndikangopita kwathu anthu ati zadziwika."

Anatseka kabokosi kake, anathokoza, n'kutsika. Sanapemphe kanthu. Ada Mhone anatsala pamwala paja mpaka mthunzi unasuntha. Chimene chinawapweteka si chakuti anali mbuli pa mipapaya. Chinali chakuti mawu amenewa anawamva kale, m'Chingerezi, m'chipinda choyera ku Joni, ndipo anali atawadziwa bwino kuposa mphunzitsi aliyense, koma lero m'mawa anali atanola chikwanje kuti alange yaikazi. Anakumbukiranso Winnie akumasula zitsononkho. Kodi ankadziwa ntchito ya mitengo ija, kapena linali fungo lokha monga ankanenera? Panalibenso womufunsa.

Lachinayi ndi Lachisanu anakhala akukambirana ndi mtima wawo, ndipo mtimawo unali ndi nzeru zambiri za munthu wamantha. Unati auze Watson pambali, awiriwiri. Koma Watson ankamudziwa, akanamvera mwaulemu n'kuiwala, ndipo Magret akanapitiriza. Unati angokana kuyankhula Lowerukalo, anamizire kudwala. Koma akanapeza malume ena, achibale otere sasowa. Unati anene zakuti Watson akayezedwe, osatchula za iwo eni. Koma Magret akanafunsa kuti mtundu wathu unayamba liti kuyezedwa, ndipo pamenepo akanayankha chiyani? Pepala analitaya. Umboni umene anali nawo unali thupi lawo lomwe, ndi dzina lawo. Ndipo ankadziwa msika wathu. Likangotuluka liwu limeneli, pofika Lolemba amayi a chinangwa adzakhala akunong'onezana, anyamata a maminibasi adzakhala atawapatsa dzina latsopano, ndipo choipa koposa, anthu onse amene anamutukwana Winnie adzadziwa amene anawalola. Ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, ulemu wa jekete ndi umene unali utawatsalira.

Loweruka m'mawa anthu anakhala pakhonde la Magret. Kunali ankhoswe awiri ochokera ku Chintheche, atavala nkhope za anthu odziwa kale chigamulo, ndi mkulu wa mpingo Cyrus Thole, amene anatsegula ndi pemphero lalitali lopempha nzeru. Watson anakhala pampando akuseweretsa foni yozimitsa. Keziah anakhala pamphasa ndi amayi, manja ali pamiyendo. Magret anayala nkhani yonse: zaka zisanu ndi chimodzi, kupirira kwawo, mankhwala amene anamufunira, mtundu umene ukutha. Anati iye alibe chidani ndi mwana wa eni, koma achimwene ake awa ndi mboni ya zimene zimachitika mwamuna akamvera chisoni mkazi wosabereka, taonani akalamba okha, opanda wowatungira madzi. Kenako anati asibweni ayankhule.

Ada Mhone anaimirira, ngakhale panalibe chifukwa choimirira. Anamanga batani la jekete n'kulimasulanso. Anayamba ndi matsagwidi, ndipo ankhoswe anayang'anana, akuganiza kuti nkhalamba yasokera. Ananena za dona uja, za dokotala, za tinthu tosaoneka ndi maso. Ananena za pepala ndi windo la basi. Sanakometse kanthu ndipo sanathamange. Mawu anawathera kamodzi, a Thole n'kufuna kuwathandiza ndi vesi, koma anawaletsa ndi dzanja.

"Winnie sanali chumba," anatero. "Wosabereka ndine. Ndakhala ndikudziwa kuyambira 1989. Mizu yonse ija anamwa, anamwera ine. Chitsononkho chija munamuika m'bokosi chinali changa. Ndinaona, ndinakhala chete." Anatembenukira kwa mphwawo. "Watson, sindikuti uli ngati ine. Mwina ayi. Koma nanenso kuchipinda ndinali mwamuna, ndipo sizinatanthauze kanthu. Mwana uyu sachoka pakhomo pano ndi mawu anga mpaka iwe utakayezedwa. Ngati ukuopa mzere, ndikaima nawe."

Nkhuku inadutsa pabwalo ndipo aliyense anaiyang'ana, posowa poyang'ana. Mmodzi wa ankhoswe a ku Chintheche anakhosomola n'kunena kuti iwo sakuonanso chimene anabwerera, ndipo adikira za kuchipatala. A Thole anavomereza mwamsanga. Watson anazyolika, makutu akuoneka kuti akumuyaka, kenako anafunsa mkazi wake, osamuyang'ana, kuti kodi ku Mzuzuko amayeza masiku ati. Keziah anati Lachiwiri. Anayankha mawu amodzi amenewo n'kuphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Alendo anatsazika msanga, tiyi osamwa. Ada Mhone anakhala pansi akudikira ukali wa mlongo wawo, chifukwa Magret si munthu wosowa mawu, ndipo anali okonzeka kuulandira wonse. Koma Magret anali atangokhala, akuyang'ana pakhomo lolowera m'nyumba. Nkhope yake inali itagwa. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono moti anachita kusendera kuti amve. Anawafunsa ngati Winnie ankadziwa. Iwo anati sanamuuze. Magret anapukusa mutu, n'kuti sanafunse ngati anamuuza.

Kenako anawauza chinthu chimene sanachimvepo. Mu 1991, iwo ali ku Joni, Magret anawapezera mkazi wachiwiri, mtsikana wa ku Usisya, ndipo makolo ake anali atavomera. Kunangotsala kuwalembera kalata achimwene akewo. Winnie atamva anabwera yekha m'mawa, n'kugwada pakhomo lomwelo.

"Anati, 'Alamu, musamubweretse mwana wa eni. Adzangovutika monga ndikuvutikira ine. Ndipo tikakhala awiri osabereka, anthu adzayamba kufunsa.'" Magret anapitiriza. "Ine ndinati ndi nsanje, achimwene. Ndinamuthamangitsa ndi chipande. Koma anabweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka ndinatopa n'kuisiya nkhaniyo."

Ada Mhone anayang'ana pakhomo paja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anakhala akumubisira Winnie chinthu chimene Winnie ankawasungira, ndipo masana onse aja ankakwera munda n'kukafunsa madzi, iye ankadziwa chimene abwerera ndipo ankangowapatsa madziwo. Keziah anatuluka m'nyumba ndi kapu, anagwada n'kuwapatsa. Anailandira ndi manja awiri, koma sanathe kuifikitsa pakamwa, ndipo madzi anatayikira pajekete.